Mpira wa Malemu Elroy

Mlamu wanga Marlys anaiwala mpira wake wa boling'i, masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ukagwetse mapini khumi oimikidwa, m'galaja kutangoyamba kuzizira mu Novembala, ndipo anakaupeza utang'ambika ngati dzungu logwa pangolo. Mipira imeneyi sigwirizana ndi chisanu cha kuno ku Wisconsin, izi ngakhale mwana amazidziwa. Koma chimwalirire amuna ake, achimwene anga a Elroy, mlamu wangayo ankaiwala zinthu zambiri. Tsiku lina anasiya galimoto ikulira panja pa tchalitchi mpaka Misa yonse kutha.

Ine ndine Arlene, kaputeni wa timu ya amayi imene imasewera Lachiwiri lililonse masana ku holo ya boling'i ya kwa Rademacher. Ukaputeniwu palibe anandisankha. Ndinangoyamba kukalipira anthu, iwo n'kumamvera.

Kung'ambika kwa mpira uja kunandiopsa pa chifukwa chimodzi. Trisha, mwana wa Marlys, ankaimba foni kuchokera ku Arizona mlungu uliwonse, kuwanyengerera mayi ake kuti agulitse nyumba akakhale naye kotentha. Marlys anali atamuuza kuti amalize kaye ligi ya chaka chino, ikadzatha mu Epulo adzaona. Koma kwa ine ananena mosabisa, tikudya nsomba zokazinga za Lachisanu.

"Alamu, chondigwira m'tauni muno n'chiyani? Manda sathawa. Chatsala ndi boling'i basi. Ikadzangosiya kundikomera, ine ndidzamanga katundu."

Ndinaseka, koma nsomba ija ndinaikankhira pambali. Mwamuna wanga anatsogola kalekale, mchimwene ndinali naye mmodzi yekhayo, ndipo munthu woti ndingamuimbire foni popanda chifukwa anatsala Marlys yekha. Sindinkafuna kuti apite, ndipo ndinkachita manyazi kumuuza.

Choncho nditamva za mpira ndinathamangira kwake. "Valani jekete tikagule watsopano. Ndikuperekezani."

"Sindigula," anatero. "Ndiponya wa a Elroy. Wangokhala m'kabati."

"Wa achimwene? Munthu uja anali wamanzere, zala ngati masoseji! Bowo la chala chachikulu lokhalo mukhoza kulowetsamo dzanja lonse mpaka wotchi."

"A Norb akatseka mabowowo, n'kuboola ena a dzanja langa. Si ntchito yawo?"

Kulemera kwa mpirawo sikunali vuto. Marlys anakalambira ku fakitale ya tchizi akunyamula zinthu zoti amuna ena ankaitanirana, ndipo achimwene atavulala phewa anali atasinthira kale ku mpira wopepukirapo. Vuto linali liuma la mlamu wanga, ndipo limenelo ndinalidziwa tsiku la ukwati wake lomwe. Tinaunyamula mpira uja m'chikwama chake chakale kupita nawo kwa Norb.

Norb Stangel ali ndi kashopu pakona kwa Rademacher komweko, kuseri kwa mashelefu a nsapato zobwereka. Ndinaphunzira naye kalasi imodzi kuyambira tili ana, ndipo sindikumbuka kuti anakwezapo mkono kuyankha funso. Sanakwatirepo. Amalankhula ndi mipira kuposa anthu. Mnzake weniweni anali mmodzi, achimwene anga: ankaponya timu imodzi, ndipo nyanja ikaundana ankakhala awiriwiri m'kanyumba kowedzera pamwamba pa madzi oundanawo tsiku lonse, a Elroy akulankhula, Norb akuvomera.

Atatulutsa mpira m'chikwama, Norb anaugwira ndi manja awiri, n'kuutembenuza pang'onopang'ono. Unali wabuluu wodera. Anauyang'anitsitsa mpaka ine ndinatsokomola.

"Kutseka nditseka, kuboola ndiboola," anatero. "Koma a Marlys, sudzagudubuzika ngati kale."

"Chifukwa?"

"M'kati mwa mpira muli mtima wake, chinthu cholemera chosaumbidwa mozungulira. Mabowo akakhala uku, mtimawo umapendekera uko, ndiye mpira umakhotera kumene wapendekerako. Uwu ndinauboolera munthu wamanzere. Komanso phala lotsekera mabowo sililemera mofanana ndi thupi la mpira. Ukachotsa apa n'kumata apo, diso silingaone, koma sikelo imadziwa."

"Sikelo idziwe, ine ndingofuna zala zilowe," anatero Marlys.

Amenewo anali mawu ochuluka kwambiri amene ndinamumvapo Norb akulankhula chichokere kusukulu, ndipo ankaoneka kuti amutopetsa. Kenako inafika nthawi yoyeza dzanja. Woboola mpira sangachitire mwina, ayenera kugwira dzanja la mwini wake, kulitambasula, kupinda chala chilichonse, kuona kuti chikufika pati. Norb anayezapo manja a theka la tauni yathu, ena onunkha mafuta a thirakitala. Koma la Marlys analinyamula ngati dzira losapsa, makutu ake n'kufiira psuu. Ine ndinaziona, n'kusunga mumtima.

Phala lija linafunika masiku kuti liume, ndipo Lachiwiri lotsatira mpira unali utakonzeka. Pamene panali mabowo a achimwene panali zigamba zitatu zozungulira, zabuluu koma osati buluu yemweyo, ndipo chapambali panali mabowo atsopano ang'onoang'ono. Zala zinalowa bwinobwino. Marlys anaima pamzere, anayenda mayendedwe ake aja odekha, n'kuponya.

Mpira unayamba bwino. Utafika pakati pa njira yathabwa yogubuduzirapo tinamva gu, gu, gu, ngati galimoto yophwa tayala. Unali kuponda bowo lake lomwe. Kenako m'malo mokhotera pakati pa mapini unangowalambalala, n'kukagwetsa awiri a kumphepete mwaulemu, ngati ukupepesa.

Peg, mnzathu wa m'timu amene pakamwa pake sipakhala chitseko, anawomba m'manja. "Mpirawu ukufunafuna mwini wake!"

"Usiyeni uzolowere," anatero Marlys.

Anaponyanso. Gu, gu, gu, m'ngalande ya m'mphepete mwa njira.

"Ndiye Elroy weniweni ameneyo," anatero Peg. "Ali moyo anayamba wapitako kumene mwamutuma? Mumati akagule mkaka, iye n'kubwera ndi nyambo za nsomba."

Marlys anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo inenso ndinaseka ngakhale ankanenedwa anali achimwene anga, poti zinali zoona. Amayi a timu ya ku banki amene tinkalimbana nawo tsiku limenelo anatithokoza kwambiri pomaliza. Mmodzi anafunsa ngati mpirawo ungabwerenso mlungu wamawa, kuti adziwitse anzawo.

Tinaubweza kwa Norb. Anauika pasikelo yake yakale, anautembenuza uku ndi uku, anakanda m'mutu. Anati atsekanso mabowowo, awasunthire pena. Ndipo anati pofuna kutsimikiza, ayezenso dzanja.

"Dzanja lasintha m'masiku ochepawa?" ndinafunsa.

"Kukazizira zala zimafota," anayankha akuyang'ana pansi.

Ulendo wachiwiri mpira unabwera ndi zigamba zisanu ndi chimodzi. Kugunda kuja kunatha, koma tsopano unayamba kukhota msanga, usanafike n'komwe pakati pa njira, ngati munthu wokumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Marlys ankayesa kuimira kumanja, kuimira kumanzere, kuponya mwamphamvu, kuponya monyengerera. Mpira unkachita zake.

Ulendo wachitatu sindinapite nawo. Marlys anati ndisavutike, apita yekha. Ndinakumana naye akutuluka m'nyumba, zikhadabo atazipaka utoto wofiirira, m'manja atanyamula keke ya maapozi yokutira bwino.

"Keke ndi ya mpira?"

"Alamu, munthu akuvutika ndi ntchito yanga osandilipiritsanso. Ndisamuthokoze?"

"Nanga zikhadabozo, nazonso zikukathokoza?"

"Chokani apa, mukunditsekera njira."

Nayenso Norb anali atasintha. Munthu amene tinamuzolowera ndi juzi imodzi yaimvi chaka chonse anayamba kuvala malaya osita. Tsitsi la m'makutu linasowa. Lachiwiri masana ankapeza chifukwa choima pafupi ndi njira yathu, akupukuta tebulo limene silinali ntchito yake kupukuta. Marlys akaponya, Norb ankautsatira mpira ndi maso mpaka kumapeto, ukaphonya iye n'kutsinzina ngati wapondedwa chala.

Pofika mu Febuluwale mpira uja unali ndi zigamba ngati buluku la mwana wosamva. Ukatuluka pamakina obwezera mipira, anthu a njira zoyandikana ankabwera kudzauona. Peg anautcha Nyalugwe. Ndipo ndi Peg yemweyo amene ananditsina khutu tikuvula nsapato.

"Iwe Arlene, maso uli nawo? Norb waboola mipira zaka zonsezi, wako, wanga, wa bambo mfumu. Unamvapo wina akudandaula? Ndiye uwu wokha ukumukanika katatu konse?"

"Ukutanthauza chiyani?"

"Akaukonza bwino, dzanja lija adzaligwiranso liti?"

Poyamba ndinaseka, ndipo kunena zoona zinandikomera. Achimwene anali atagona zaka ziwiri, ndipo sindine mlamu wofuna kuti mkazi wamasiye afote ngati duwa la pamanda. Ndinaganiza kuti ngati Norb ali ndi mawu, mwina mawuwo angachite zimene ine ndinkalephera. Koma milungu inkapita, mawu osatuluka. Chimene chinkatuluka ndi mapointi a Marlys, amene ankatsika ngati madzi m'bafa. Mayi amene ankagwetsa mapini onse khumi kangapo pa masewera amodzi tsopano ankasangalala akagwetsa asanu ndi awiri. Kenako anasiya kusangalala. Nthabwala za Peg anasiya kuziyankha. Akaponya ankatembenuka mpira usanafike, n'kudzakhala phee akuyang'ana zala zake.

Lachiwiri lina, tikutuluka, anandiuza mosakweza mawu: "Mwina si mpira, alamu. Mwina ndi ine. Dzanja lakalamba."

Loweruka lake ndinapita kwake kukabwereka poto, ndipo m'khonde ndinapeza makatoni opanda kanthu ataunjikidwa mpaka pawindo. Patebulo panali mbale zamaluwa za malemu amayi athu, atazikutira m'nyuzipepala.

"Izi ndi za kwanu," anatero Marlys. "Ku Arizona zingakasweke m'njira."

Ndinazilandira, ndinathokoza, ndinakaziika m'galimoto bwinobwino. Kenako ndinakhala pachiwongolero mtima ukuwira. Sindinakwiyire Marlys, sindinakwiyire Trisha. Ndinakwiyira nkhalamba yamanyazi imene inkaseweretsa chinthu chokhacho chomugwira mlamu wanga m'tauni muno, pofuna kugwira dzanja kwa mphindi zochepa.

Lolemba m'mawa ndinafika kwa Rademacher asanatsegule n'komwe bwinobwino. Makina opaka mafuta anali kuyenda okha m'njira. Norb anali m'kashopu kake, ndipo Nyalugwe anali patebulo, poti Marlys anali atamusiyanso kuti amuonenso.

"Iwe Norb!"

Anadzidzimuka mpaka kugwetsa pensulo. "Mwadzuka bwanji, chemwali?"

"Za kudzuka zisiye. Ndakudziwa uli ndi mamina, ndiye usandinamize. Mpirawu ukuuwononga dala."

"Ine?"

"Iwe! Ngati ukumufuna mlamu wanga, pakamwa uli napo. Kagule maluwa ngati amuna anzako. Koma kumamuboolera mpira mokhota kuti azibwerabwera ndi keke? Ukudziwa kuti akumanga katundu? Akuti dzanja lake lakalamba. Akupita ku Arizona, ndiye uzikayeza manja a Peg!"

Nkhope yake inasintha. Makutu sanafiire ulendo uno, anachita kuyera. Anakhala pampando wake wozungulira.

"Akupita?"

"Makatoni afika pawindo."

Anatola pensulo yake yachikasu, imene amalembera pamipira, n'kundikodola kuti ndiyandikire.

"Dala ayi, Arlene. Koma kulakwa ndalakwa. Taona apa."

Anandionetsa kadontho koyera pampirapo, kenako kachizindikiro kena kakang'ono chapansi pake. Anati tiwiri timeneto ndi timene timamuuza mmene mtima wa mpira wagonera m'kati. Kwa munthu wamanzere, mabowo amakhala mbali iyi ya timadonthoto. Kwa wamanja, ayenera kuwolokera mbali inayo. Anayeza ndi kachipangizo kake kokhota, anakoka mzere, anakokanso wina wopingasa, ndipo pamene mizereyo inakumana anajambula timabwalo tiwiri ta zala ndi kena ka chala chachikulu.

"Malo ake ndi awa. Ndinawadziwa tsiku loyamba lomwe."

Ndinayang'ana. Kuno aliyense amalembetsa dzina pampira wake, poti pamakina obwezera ija imafanana. Achimwene, pokonda zazikulu, analembetsa lawo chapambali m'zilembo zonenepa zoyera, zoti uziwerenga uli kutali ku bala ya mowa. Ndinali nditaliona kambirimbiri osaliganizira. Timabwalo ta Norb tinagwera pakati penipeni pa dzinalo. Zigamba zonse zija, nditaziyang'anitsitsa, zinali zitalizungulira dzinalo kumwamba, kumunsi ndi kumbali, popanda n'chimodzi chomwe cholikhudza.

"Ndinalilemba ndine," anatero Norb. "Iye ataima pamene waimapo, akundiuza kuti ndiwonjezere kukula. Ndimati ndikasuntha pang'ono ndilipewa, mpira udzayendabe. Sunayende. Ndinasunthanso. Phala likachuluka mbali imodzi, mbaliyo imapepuka, ndiye ulendo uliwonse ndimakonza cholakwa chimodzi n'kubala china. Ndinauikapo pamakina, mpeni woboolera utaloza padzinapo, dzanja langa n'kukana kutsika."

Ine amene ndinabwera ndi mawu odzaza thumba, ndinangowerama pampirapo. Ndinakhudza zilembo zija ndi chala. Zinali zokumbika, zodzaza ndi utoto, ndipo ndinawasowa achimwene anga mwadzidzidzi ngati amwalira dzulo. Ndinamumvera chisoni Norb, ndipo ndinadzimvera manyazi.

"Ndiye bwanji osamuuza mwini wake?" ndinafunsa, mawu atatsika.

"Ndikanayamba bwanji? Kuti a Marlys, ndiloleni ndifafanize amuna anu? Ine? Anthu akanati chiyani? Iwo akanati chiyani?" Anaika pensulo pansi. "Makamaka popeza... popeza zimene wanena zija si zabodza zonse."

"Za maluwa?"

Anavomera ndi mutu akuyang'ana pansi.

"Safunsa anadya phula, Norb. Taona, watidyetsa tonse, timu yonse."

"Pali chinanso," anatero. "Mpirawu watopa. Ukhoza kupirira kuboola kumodzi kokha. Kupitirira apo ung'ambika, kapena sikelo iukana. Iwe ndiwe mlongo wake. Ukanena kuti boola, ndiboola."

Ndinayang'ananso dzina lija. Ndine munthu wolamula, aliyense amadziwa. Ndimalamula timu, ndimalamula komiti ya khofi kutchalitchi, ndinkalamula ngakhale madokotala a mwamuna wanga. Koma apa ndinalephera.

"Si ine wonena," ndinatero. "Usachoke. Ndipo usavulenso malaya amenewo."

Marlys ndinamupeza akukulunga makapu. Sindinamufotokozere chilichonse, ndinangomuponyera jekete. M'galimoto anafunsa kawiri ngati kwagwa maliro, ine ndinati ayi, koma akhoza kugwa ngati sasiya mafunso.

Titalowa m'kashopu, Norb anaimirira ngati mwana woitanidwa kwa ahedi. Ndinamugunda ndi chigongono. Anayamba ndi mtima wa mpira, anapita kwa timadontho, anafika pa kulemera kwa phala, ndipo ndinaona kuti akufuna kuzunguliranso ngati mabowo ake aja.

"Aonetse mizereyo, Norb."

Anautembenuza mpira. Marlys anavala magalasi ake n'kuwerama. Anayang'ana timabwalo tachikasu, anayang'ana dzina, kenako anayendetsa chala pazigamba zija chimodzichimodzi, kuzungulira mpaka kubwerera pamene anayambira. Palibe anafunika kumufotokozeranso. Anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango wa m'khosi, anawavalanso.

"Ndiye kuti dzanja langa lilibe vuto?"

"Dzanja lanu lili bwino kwambiri," anatero Norb, ndipo makutu aja anabwerera mwakale.

"Chisanu chonsechi ndakhala ndikuponya m'ngalande, amayi a ku banki akundiwombera m'manja, Peg akundiseka mpaka kutsamwa, chifukwa inu mumaopa zilembo?"

"Anali mnzanga, a Marlys."

"Anali mwamuna wanga! Mukuganiza kuti ndimamusunga pampira? Ndikamaphika ndimatulutsabe mbale ziwiri. Jekete lake likadali pamsomali. Kuti ndimuiwale munthu uja pangafunike zambiri kuposa makina anuwa." Anagogoda mpira ndi chala. "Ndipo mukumudziwa. Akanaona mmene mwaukongoletsera mpira wakewu akanaseka mpaka kugwa pampando, kenako akanakutukwanani."

"Akanatero," Norb anavomera, maso atanyowa.

"Ndinautenga kuti ndiziuponya, osati kuupembedza. Alamu, inu mukuti bwanji? Ndi dzina la kwanu."

Sindinayembekezere kuti andifunsa. "Achimwene ankadana ndi kuluza kuposa chilichonse," ndinatero. "Tili pa nambala yachiwiri kuchokera kumunsi."

"Mwamva, a Norb. Boolani."

"Zigamba zomalizazi ziyenera kutsekedwa kaye, ziume..."

"Tsekani pambuyo. Dzinalo boolani pano, ndilipo. Ndikachoka mudzapezanso njira yolizungulira."

Norb anaukhazika mpira pamakina, anaumanga, anasankha mpeni woboolera wa saizi ya chala cha Marlys popanda kuyang'ana paliponse, poti pofika apa ankaidziwa pamtima. Anayatsa makina. Anagwira chogwirira, mpeni unatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza utoto woyera, n'kuima.

Marlys anausa moyo, anavula magolovesi, n'kuika dzanja lake pamwamba pa la Norb. Anatsitsa awiri.

Utuchi unayamba kutuluka mopotana, woyera poyamba, kenako wabuluu. Ine ndinapirira bowo loyamba. Lachiwiri ndinatuluka, ndinakaima pa mashelefu a nsapato zobwereka ndikuwerenga manambala a kuzidendene ngati ndikufuna kugula. Ndinalira, sindibisa. Ndinalirira achimwene, ndipo mbali ina ndinkalira ndi mpumulo, ngakhale sindinkadziwa ngati mpumulowo unali utafika nthawi yake. Mpira wabwino sutanthauza kuti munthu amasula makatoni.

Makina atazima ndinapukuta kumaso n'kubwerera. Marlys anali atalowetsa zala m'mabowo atsopano, akuugwedeza mpira pambali pa mwendo wake, maso ali ofiira. Norb ankasesa utuchi mosamala kwambiri kuposa mmene utuchi umafunira.

"Ukumveka bwanji?" ndinafunsa.

"Wakhala m'dzanja," anatero. "Sukukoka."

"Ndikatseka enawo ndiuyesa pasikelo," anatero Norb. "Sudzakhala ngati watsopano, zigambazi zachuluka. Koma udzapita kumene mwautuma." Anaima kaye, tsache lili m'manja. "Kungoti... ngati ndi wa milungu yotsalayi yokha, mpaka mu Epulo..."

Sanamalize. Funso limene ndinalephera kufunsa chisanu chonse linali litatuluka theka, m'kamwa mwa munthu wosalankhula kuposa onse m'tauni muno.

Marlys anauika mpira patebulo. "Ku Arizona kuli oboola mipira?"

"Aliko ambiri. Ena odziwa kuposa ine."

"Odziwa kuposa inu ndiye sakusowa," anatero Marlys. "Koma woti n'kuwononga mpira katatu poopa kukhumudwitsa munthu wakufa, ameneyo sindikhulupirira kuti ndingakamupeze." Anatembenukira kwa ine. "Alamu, mbale zija mubweze. Ndinakupatsani ndi mitima iwiri."

Ndinafuna kumukumbatira, koma kwathu sitichita zimenezo pagulu, ndiye ndinangomuuza kuti imodzi ndaiswa kale, ngakhale sizinali zoona.

Norb anatsokomola. Anatsegula kabati n'kutulutsa kachitsulo kake kolembera mayina. "Mpira sukhala wopanda dzina," anatero. "Mbali iyi malo alipo. Ndilembe lonse, Marlys Dombeck?"

Dombeck ndi dzina la kwathu, limene ine ndinabadwa nalo, limene Marlys analitenga kwa achimwene. Mlamu wanga anandiyang'ana kaye ine, nthawi yaitali ndithu, ndipo ndinamugwedezera mutu pang'ono movomereza. Kenako anavala magolovesi ake, chala chimodzichimodzi, osafulumira.

"Lembani Marlys basi," anatero. "Kutsogoloko siyani malo a dzina lachiwiri. Tione ngati pofika mu Epulo mukhala mutapeza pakamwa."

Kachitsulo kaja kanagwa pansi n'kugudubuzikira kunsi kwa tebulo. Tinatuluka Norb akadali chogwada, akukafufuza.